SAMUEL AJAYI CROWTHER: KAPOLO AMENE SANATAYE MTIMA

Palibe mudzi umene sudziwa maliro, ndipo palibe mlimi amene sanaonepo mbeu zace zikufota m'munda mvula itadula. Tsoka likagwa, funso limene limasautsa munthu usiku ndi lakuti mawa adzayambira pati. Sabata ino, awerengi athu, tikusimbirani mbiri ya Samuel Ajayi Crowther wa ku Nigeria, amene anagulitsidwa pamsika ali mwana, koma anadzakhala bishopu woyamba wakuda mu mpingo wa Anglican. Ambiri amamkumbukira cifukwa ca udindo umenewu. Ife tifuna kuti muone zinthu zimene munthuyu analandidwa m'moyo wace, ndiponso zimene anali kucita kukaca atalandidwa.

NKHONDO IFIKA PA OSOGUN

Ajayi anabadwa ca m'ma 1809 m'mudzi waukulu wa Osogun, m'dziko la Ayoruba, kumwera ca kumadzulo kwa dziko limene lero lichedwa Nigeria. Atate wace anali mlimi ndiponso woomba nsalu. Masiku amenewo ufumu wakale wa Oyo unali kupasuka, nkhondo zinali ponseponse, ndipo anthu ogwidwa pankhondo anali kutengedwa kunka nao ku gombe la nyanja kukagulitsidwa kwa Azungu ogula akapolo.

Tsiku lina m'mawa m'caka ca 1821, amai ali pakati pokonza cakudya, kunamveka mfuu yakuti adani azinga mudzi. Atate wace a Ajayi analowa m'nyumba, nauza banja kuti lithawe, nabwerera kukamenya nkhondo. Mwanayo sanawaonenso. Asanafike patali, iye, amai wace ndi alongo ace awiri, mmodzi wa iwo khanda la kumsana, anagwidwa namangidwa zingwe m'khosi ngati mbuzi. Poceuka anaona mudzi wao uli lawilawi.

Pogawana zofunkha, banjalo linamwazika. Ajayi anagwera m'manja mwa mfumu ya ankhondowo, ndipo mfumuyo inamsinthanitsa ndi kavalo. Patapita miyezi iwiri kavaloyo sanaikondweretse, motero inambweza nkutenganso mnyamatayo. Mwa mwai anamtengera kumudzi kumene kunali amai wace ndi khanda lija, nakhala pafupi nao miyezi itatu. Koma tsiku lina madzulo anamtuma ngati wopita kukatenga ndalama, ndipo atafika kumeneko anammanga pamodzi ndi akapolo ena, nanka naye ku msika wa Ijaye. Sanapatsidwe mpata ngakhale wotsazika amai wace.

Kucokera pamenepo anagulitsidwa kangapo, nthawi ina pomsinthanitsa ndi fodya ndi mowa. Atakula, iye mwini analemba mosabisa kuti m'masiku amenewo mtima wace unasweka kotero kuti anayesa kudzipha, koma zinakanika. Tikunena zimenezi kuti pasakhale woganiza kuti munthuyu anabadwa ndi mtima wa mwala. Anafika pansi penipeni pamene munthu angafike, monga momwe ena a ife tinafikirapo.

SITIMA YA AKAPOLO

Ku Eko, mzinda umene tsopano udziwika ndi dzina lakuti Lagos, anagulidwa ndi Apwitikizi, nakhala miyezi ingapo ali womangidwa, poyamba pa unyolo umodzi ndi amuna akuluakulu. Mu April 1822 anakwezedwa m'sitima pamodzi ndi akapolo anzace, onse 187. Dzina la sitimayo linali Esperança Feliz, ndiko kunena kuti ciyembekezo cokondweretsa, pamene m'mimba mwace munali anthu olira okhaokha.

Angelezi anali ataletsa malonda a akapolo m'caka ca 1807, ndipo sitima zao za nkhondo zinali kulonda gombe limenelo. Sitima ya Apwitikiziyo isanapite patali inagwidwa, ndipo Ajayi anasamutsidwira m'sitima ya Angelezi yochedwa Myrmidon, imene mtsogoleri wace anali Henry Leeke. Poyamba sanadziwe kuti waomboledwa. Ataona nyama ya nkhumba itapacikidwa ndi zipolopolo za mizinga zitaunjikidwa, anayesa kuti ndi matupi ndi mitu ya anzace. Mantha anatha pamene anaona ziboda za nkhumba nakhudza zitsulozo ndi dzanja.

Mu June 1822 anatsitsidwa ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, kumene Angelezi anali kusungira akapolo oomboledwa. Anali mfulu tsopano, koma ufulu wace unali wa mwana wamasiye, wopanda mbale ndi wopanda kwao. Anamtumiza ku mudzi wa Bathurst, m'manja mwa aphunzitsi a bungwe la Church Missionary Society, limene ambiri amangoliti CMS. Apa ndi pamene khalidwe lace linayamba kuoneka. Cimene cinali pafupi naye cinali buku, ndipo analigwira ndi manja awiri. Patangopita miyezi isanu ndi umodzi anali atayamba kuwerenga Cipangano Catsopano m'Cingelezi, ndipo anaphunziranso ukalipentala. Anabatizidwa pa 11 December 1825, natenga dzina lakuti Samuel Crowther. M'caka ca 1827 anakhala wophunzira woyamba kulembedwa pa sukulu ya Fourah Bay, ndipo pambuyo pace anayamba uphunzitsi. Anakwatira Asano, amene dzina lace la ubatizo linali Susan, nayenso woomboledwa m'sitima ya akapolo. Anthu awiri olandidwa mabanja ao anamanga banja latsopano, nabereka ana.

ULENDO WOLEPHERA UTSEGULA KHOMO

M'caka ca 1841 boma la Angelezi linatumiza sitima zitatu kukwera mtsinje waukulu wa Niger, ndi colinga cakuti malonda a zokolola alowe m'malo mwa malonda a anthu. Crowther anapita nao monga mphunzitsi wodziwa zinenero. Ulendowo unatha momvetsa cisoni, pakuti malungo anapha Azungu oposa 40, ndipo munda wa citsanzo umene anautsegula pamene mitsinje ya Niger ndi Benue ikomana unasiyidwa. Crowther anadwazika odwala, naona anzace akuikidwa m'manda m'mbali mwa mtsinje, koma tsiku ndi tsiku anali kulemba zonse zimene anaona. Zolemba zacezo zitasindikizidwa, akulu a CMS anazindikira kuti nchito ya m'kati mwa Africa idzatheka ndi eni dziko okha. Anamuitanira ku London, ndipo m'caka ca 1843 anadzozedwa ubusa. M'caka comweco anatulutsa buku la mau ndi malamulo a Ciyoruba, cinenero cimene anacisunga pamtima zaka zonse za kucilendo.

Kuyambira apa tiwachule mwa ulemu wao. M'busa Crowther anatumidwa kubwerera ku dziko la makolo ao, ndipo atadikira nthawi yoposa caka ku Badagry cifukwa ca nkhondo za m'njira, analowa mumzinda wa Abeokuta mu August 1846 pamodzi ndi mnzao Henry Townsend.

AMAI APEZEKA

Pasanathe mwezi umenewo, kunafika mai wina wokalamba wofuna kuona m'busa watsopanoyo. Anali Afala, amai ao owabereka. Zaka 25 zinali zitapita cisiyanirane. Anagwirana manja, thupi la maiyo likunjenjemera, misozi iri cucucu, ndipo kwa kanthawi panalibe wotha kulankhula. Kenaka maiyo anayamba kuchula mwana wao ndi maina a paubwana, amene agogo ao anali kuwaitana nao kale ku Osogun. Agogowo anali atafera muukapolo. Atate ao analinso atafa kale pankhondo.

Cimwemweco cisanazizire, mudzi umene alongo ao awiri anali kukhalamo unathiridwa nkhondo, ndipo alongowo ndi ana ao anagwidwanso ukapolo. A Crowther anawaombola ndi ndalama. Amai ao anabatizidwa m'caka ca 1848, nalandira dzina lakuti Hannah. Akale anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Munthu amene anali atayenda m'misewu ya London anasunga nkhalamba yosadziwa kulemba ngati cuma cace coposa zonse, kufikira imfa inawalekanitsa.

M'caka ca 1851 anaitanidwa ku nyumba yacifumu ya Windsor, kumene anafotokozera Mfumukazi Victoria ndi mwamuna wace za malonda a akapolo a pa Lagos. Mwana wosinthanitsidwa ndi kavalo uja anaima pamaso pa mafumu kunenera anzace amene anali akali pa unyolo.

SITIMA ISWEKA, NYUMBA IPSA

Mtsinje wa Niger sunacoke m'mtima mwao. M'caka ca 1854 anaukweranso ndi dotolo William Baikie, ndipo ulendo uno panalibe anafa, cifukwa Azungu a paulendowo anali kumwa kwinini tsiku ndi tsiku. M'caka ca 1857 anabwereranso, natsegula mishoni pa Onitsha pakati pa anthu a mtundu wa Igbo. Koma atapitirira kumtunda, sitima yao yochedwa Dayspring inagunda thanthwe pafupi ndi Jebba, niphwanyika. Anapulumuka ndi katundu wocepa, nakhala m'misasa m'mbali mwa mtsinje pafupifupi caka cathunthu kudikira sitima ina.

Munthu wina akadatha caka cimeneco akuyang'ana kumunsi kwa madzi ndi dzanja pacibwano. A Crowther anayamba kuceza ndi anthu a mtundu wa Nupe a m'dera limenelo, kufunsa maina a zinthu ndi kuwalemba. M'zaka zotsatira anatulutsa mabuku oyamba ophunzirira cinenero cimeneco. Anapanganso ubwenzi ndi mafumu a Cisilamu a kumeneko, pakuti anali munthu wodziwa kukambirana za cipembedzo popanda kunyoza mnzace, ndipo ubwenzi umenewo unawathandiza zaka zambiri.

Tsoka lina linawapeza panyumba. Mu December 1862 moto unatentha nyumba yao ku Lagos. Zobvala ndi mipando zikhoza kugulidwanso, koma m'motomo munapsera mapepala amene anawasonkhanitsa kwa zaka 11: mau a Ciyoruba, miyambi imene anaitola pakamwa pa nkhalamba, ndi mbali zina za Baibulo zimene anali atazimasulira. Cimene capsa capsa. Mlimi amene nkhokwe yace inapsapo ali atangotuta kumene adziwa ululu wace. Iwo analira cuma caoco, ndipo kenaka anatenga pepala loyera nkuyambanso. Nchito yomasulira inapitirira mothandizana ndi anzao, kufikira m'zaka za m'ma 1880 pamene Baibulo lathunthu la Ciyoruba linatha.

BISHOPU WOPANDA BWATO LACE

Mlembi wamkulu wa CMS, Henry Venn, anali kukhulupirira kuti mipingo ya mu Africa iyenera kudzilamulira ndi kudzidyetsa yokha. Iye ndiye anaumirira kuti a Crowther akhale bishopu, ngakhale eni ace poyamba anali kukana. Anadzozedwa pa 29 June 1864 m'chalichi cacikulu ca Canterbury, ndipo yunivesite ya Oxford inawapatsa digiri ya ulemu. Pakati pa anthu odzaonerera panali Henry Leeke, yemwe uja amene sitima yace inawaombola zaka 42 zapitazo.

Koma ulemuwo unadza ndi minga. Amishoni ena aciyera, pakati pao mnzao wakale Townsend, anakana kukhala pansi pa munthu wakuda. Cotero Lagos, Abeokuta ndi Ibadan, kwao kwenikweni kwa cinenero cao, sizinaperekedwe m'manja mwao. Anapatsidwa madera akutali a m'mbali mwa Niger, ndalama zocepa, ndi anchito ocokera ku Sierra Leone amene anali kukhala okhaokha miyezi yambiri wosawayendera. Kwa zaka zambiri bishopuyo analibe sitima yaceyace, ndipo anali kudikira kukwezedwa ndi amalonda madzi akadzala.

M'caka ca 1867 mfumu ina ya m'mbali mwa mtsinje, dzina lace Abokko, imene kale inali bwenzi lao, inawagwira pamodzi ndi mwana wao Dandeson, nifuna dipo la ndalama zambiri. Munthu amene anamangidwa ali mwana anakhalanso wandende ali ndi imvi. Pa kupulumutsidwa kwao, nduna ya Angelezi, William Fell, inalasidwa mubvi wa ulembe nimwalira. Imfa imeneyi inawapweteka kwambiri, koma ulendo wa pa Niger sanauleke. Mishoni zinakula, makamaka kumathiriro a mtsinje, pa Bonny ndi pa Brass, kumene kunamangidwa machalichi ndi masukulu, ndipo mwambo wopha ana amapasa unayamba kutha.

BALA LOTSIRIZA

Ukalamba unadza ndi maliro. Venn, nkhoswe yao ku London, anamwalira m'caka ca 1873. Mkazi wao Susan, amene anakhala naye zaka pafupifupi 50, anamwalira m'caka ca 1880, ndipo amai ao anatsatira m'caka ca 1883 ali okalamba zedi.

Nyengo nayonso inali itasintha. Maiko a ku Ulaya anali kugawana Africa, kampani ya Angelezi inalanda malonda a pa Niger nkukankhira kunja amalonda akuda, ndipo maganizo akuti munthu wakuda sangatsogolere anali kufala. Kunafika amishoni acinyamata ocokera ku England, acangu koma osaleza mtima. Sitingabise kuti ena mwa anchito a bishopuyo anali ndi zolakwa zenizeni, ndipo iwo anali kuzidziwa. Njira yao inali yodzudzula ndi kubweza wolakwa, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga ndipo anchito anali ocepa. Anyamatawo anafuna kusesa onse nthawi imodzi.

Pa msonkhano wa ku Onitsha mu August 1890, anyamata amene anali asanabadwe pamene a Crowther anayamba kukwera Niger anaimitsa abusa akuda pamaso pa bishopu wao, osamfunsa. Anaimitsanso Dandeson, amene panthawiyo anali mkulu woyang'anira mipingo ya kumathiriro. Nkhalamba ya zaka zoposa 80 inanyozedwa pa mpando wace, ndipo inatula pansi udindo wotsogolera komiti imeneyo. Ambiri mwa anchito akuda anacotsedwa. Mwa mabala onse a moyo wao, ili linali lowawa mwa njira yaceyace, cifukwa sanawalase ndi ogula akapolo koma anthu a m'nyumba imene anaitumikira moyo wao wonse.

Ngakhale zinatero, sanatukwane munthu ndipo sanathawe nchito. Anapita ku Bonny, nayamba kukonza ndi akristu a kumeneko za mpingo umene udzalipira abusa ace ndi kudziyendetsa wokha. Ali pakati pa nchito imeneyi anagwidwa ndi matenda opuwalitsa ziwalo m'caka ca 1891. Anawatengera ku Lagos, kumene anamwalira pa 31 December 1891. Pa mpando wao anaikapo Mzungu, ndipo panapita zaka pafupifupi 60 munthu wakuda asanapatsidwenso dayosisi yaceyace mu mpingo umenewo kumadzulo kwa Africa.

ZIMENE ZINAMERA PAMBUYO

Tinene zoona: a Crowther anapita kumanda mlandu wao usanaweruzidwe, ndipo sanaone ndi maso ao kuti apambana. Koma mbeu inali kale m'nthaka. M'caka ca 1892 mipingo ya kumathiriro a Niger inayamba kudzilamulira motsogozedwa ndi Dandeson. Kalembedwe ka Ciyoruba kamene iwo anathandiza kukhazikitsa ndiko kanakhala maziko a mabuku ndi manyuzipepala a cinenero ca anthu mamiliyoni ambiri. Mdzukulu wao Herbert Macaulay anakhala mmodzi wa oyambitsa nkhondo ya ndale yofuna ufulu wa Nigeria, umene unadza m'caka ca 1960. Mumzinda wa Oyo munamangidwa yunivesite ya dzina lao. Ndipo m'caka ca 2014, pokumbukira zaka 150 cidzozedwere, mkulu wa mabishopu wa Canterbury wa nthawiyo, Justin Welby, anabvomera poyera kuti mpingo unawalakwira, napepesa.

Tikayang'ana moyo wonsewu tiona cinthu cimodzi cikubwerezabwereza. Atalandidwa banja, anagwira buku. Ulendo utalephera, analemba zimene anaona. Sitima itasweka, anaphunzira cinenero ca anthu a pagombe pamene anagwera. Mapepala atapsa, anayambanso tsamba loyamba. Atanyozedwa muukalamba, anakonza za mpingo umene iwo sadzauona. Analira monga alira munthu aliyense, ndipo zina zimene anataya sizinabwerenso: atate ao sanabwere, mudzi wa ubwana wao unapsa, ndipo miyambi yambiri inathera m'moto. Ciyembekezo cao cinali ca mlimi, amene sadziwa ngati mvula idzagwa bwino, koma amasosa munda ndithu.

Inu amene mukuwerenga kapena kumvetsera mbiri iyi muli pa cisoni, kaya mwaika wokondedwa wanu, kaya ziweto zatha ndi matenda, kaya anthu amene munawadalira akutembenukirani, palibe angakuuzeni kuti musalire. Koma misozi ikaphwa pang'ono, yang'anani cimene catsala pafupi ndi dzanja lanu, cingacepe bwanji, ndipo muyambire pamenepo. Mnyamata wa ku Osogun uja anayamba ndi zilembo zocepa pa sukulu ya kumudzi, m'dziko la eni, ali yekhayekha.